Kope langa la Oscar, chaka chachinayi: 17 pa 23

Lolemba lapitali, pa 3 Malichi 2025, linali tsiku la holide yokumbukira ofera dziko, ndiye ndinalibe nkhawa yoti ndilawirire kukatsegula kashopu. Mwambo wa Oscar, wopereka mphoto za mafilimu ku America, unayamba 2 koloko usiku nthawi ya kuno, ku Los Angeles dzuwa lisanalowe. Ndinayala mkeka pakhonde n'kumangirira neti, chifukwa mwezi uno m'nyumba simugoneka kuno ku Ngabu, malata amakhala akutulutsabe moto wa masana. Foni ndinailumikiza ku batire la sola lomwe timatchajira mafoni a makasitomala. Kanema wa mwambowo sindinaonere, bandulo yake ndi yoti munthu ungagulire thumba la chimanga. Ndinkangodikira mayina kutuluka limodzilimodzi pa intaneti, kope pantchafu, bolopeni yofiira m'manja. Pomwe ankatchula Anora kuti ndiyo filimu yopambana zonse, kum'mawa kunali kutayera ndipo amayi oyandikana nafe anali atayamba kusesa. Ndinawerenga zochonga zanga kawiri: opambana omwe ndinawalosera molondola m'kope anali 17 pa mphoto 23.

Sindinafikepo pamenepa chiyambire. Koma chomwe chandikhalitsa pansi kuti ndilembe lero ndi zisanu ndi chimodzi zomwe ndalakwazo, makamaka imodzi yomwe mpaka pano ikundidya mumtima.

Kwa amene mwayamba kumene kuwerenga zolemba zangazi, masewera olosera opambana a Oscarwa ndinawayamba mu 2022, namondwe Ana atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mdima unali ponseponse, ndipo pakashopu panga pankadzaza mafoni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Podikira kuti mabatire adzaze ndinkawerenga nkhani za mafilimu, ndipo ndinaona kuti The Power of the Dog yatchulidwa m'magawo 12. Ndinati basi, yatenga imeneyi. Inatenga CODA, yomwe inatchulidwa m'magawo atatu okha. Chaka chimenecho ndinapeza 11. Cha 2023 ndilibe nambala yake. Mwambo unachitika pa 12 Malichi, usiku womwewo namondwe Freddy akugwetsa mvula yosalekeza m'chigawo chonse cha kummwera. Netiweki inapita, madzi analowa m'nyumba, kope linanyowa mpaka masamba anamatana ngati chikondamoyo. Zoti Everything Everywhere All at Once yatenga mphoto 7 ndinazimva patapita masiku, ndipo nthawi imeneyo mtima unali pa maliro ndi pa abale omwe sitinkadziwa komwe ali. Kuyambira pamenepo kope limagona m'jumbo, jumboyo m'ndowa yotseka, ndowayo pamwamba pa kabati.

Mu 2024 ndinapeza 15. Oppenheimer sinavute, aliyense ankaona kuti ikusesa. Ndinagwera pa zomwe ndinasankha ndi mtima. Ndinalemba Bobi Wine: The People's President pa gawo la mafilimu a nkhani zenizeni chifukwa ndi nkhani ya ku Uganda, ya kwathu kuno ku Africa, koma inapambana 20 Days in Mariupol. Ndinalemba Io Capitano, ya anyamata awiri a ku Senegal odutsa m'chipululu kufuna kukafika ku Ulaya, koma inapambana The Zone of Interest. Mwambo utatha ndinalemba ndi zilembo zazikulu pachikuto cha kope lamulo loti chaka chamawa ndisadzalembe chomwe ndikukonda, ndidzalembe chomwe ovota achite.

Lamuloli lili ndi maziko ake. Ife a m'chigwa timadziwa kuti madzi otivutitsa sagwa pano. Kunja kumatha kukhala kowala, dzuwa likuswa mtengo, koma Mwanza n'kudzaza, Ruo n'kubwera ndi mitengo kudzakankha Shire pa Chiromo, chifukwa mvula yagwa kumapiri a kumtunda monga a Mulanje ndi Thyolo. Wofuna kudziwa za mawa amafunsa za kumtunda. Ku Oscar kumtunda ndi mabungwe a anthu ogwira ntchito za mafilimu. Ovota a Academy, bungwe lomwe limapereka Oscar, alipo pafupifupi 10,000, ndipo ambiri a iwo ndi mamembalanso a mabungwe awo: opanga mafilimu ali ndi PGA, otsogolera ali ndi DGA, osewera ali ndi SAG, olemba ali ndi WGA, ndipo ku Britain kuli BAFTA. Mabungwewa amapereka mphoto zawo Oscar isanafike. Golden Globe ndi nkhani ina, amavota ndi atolankhani, osati anthu a Academy. Imagunda kwambiri ngati mabingu a mu Okutobala, koma si nthawi zonse pamene imabweretsa mvula.

Chaka chino zinaoneka poyera. Pa 5 Januwale ku Golden Globe, The Brutalist ndi Emilia Pérez ndizo zinatenga mphoto zikuluzikulu, Anora inabwerako chimanjamanja. Mayina a opikisana atatuluka pa 23 Januwale, atachedwako chifukwa cha moto womwe unawononga Los Angeles, Emilia Pérez inali ndi magawo 13. Ndikanakhala wa 2022 uja ndikanailemba pomwepo. Ndinadikira. Pa 8 Febuluwale, tsiku limodzi, Anora inatenga PGA ndipo Sean Baker, wotsogolera filimuyo, anatenga DGA. Ndinalemba Anora ndi bolopeni, osati pensulo. Conclave itatenga BAFTA pa 16 Febuluwale kenako mphoto ya gulu la osewera ku SAG pa 23, mtima unagwedezeka pang'ono, koma sindinafufute.

Chinandilimbitsa ndi kavotedwe. Pa mphoto ya filimu yopambana zonse, wovota sasankha imodzi, amandandalika mafilimu khumi opikisanawo kuyambira yomwe waikonda kwambiri kutsika m'munsi. Powerenga, ngati palibe yomwe yadutsa theka la mavoti, yotsalira kumapeto imachotsedwa ndipo mapepala ake amapita kwa yomwe aliyense anaiika pachiwiri. Amatero mpaka ina idutse theka. Ndiye filimu yomwe ena amaikonda koopsa pamene ena amadana nayo imavutika, ndipo yomwe anthu ambiri amaiika pachiwiri kapena pachitatu imakwera mwakachetechete. PGA imawerenganso chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndimaikhulupirira kuposa onse. Pamenepa lamulo linandigwirira ntchito. Linandigwiriranso pa mphoto ya wosewera wamwamuna yomwe anatenga Adrien Brody, ngakhale Timothée Chalamet anatenga SAG, komanso pa osewera othandizira, Kieran Culkin ndi Zoe Saldaña, omwe sanaphonyepo paliponse. Pa filimu ya mayiko ena ndinasiya Emilia Pérez n'kulemba I'm Still Here ya ku Brazil, nditaona kuti yatchulidwanso pakati pa khumi zazikulu zija pamene inzakeyo mbiri yake inali itaipa ndi nkhani ya zomwe wosewera wake wamkulu analemba kale pa intaneti. Imeneyi ndinaichonga ndi chimwemwe.

Tsopano zolakwa. Zitatu ndi mafilimu afupiafupi. Sindinaonereko ngakhale imodzi, ndinangolemba, ndipo zonse zitatu zinapita. Yachinayi ndi ya kalumikizidwe ka zithunzi, ndinalemba Conclave potsatira BAFTA koma anatenga Sean Baker yemweyo, amene usiku umenewo ananyamula mphoto zinayi yekha. Yachisanu ndi ya wosewera wamkazi. Demi Moore anali ndi Golden Globe, Critics Choice (ya olemba ndemanga za mafilimu) ndi SAG, ndipo zomwe analankhula polandira mphoto yoyamba ija zinakhudza anthu ambiri. Mikey Madison wa mu Anora anali ndi BAFTA. Ndinatsatira SAG, anatenga Madison. Nditabwerera m'kope ndapeza kuti chaka chathanso ndinagwera pomwepa, ndinalemba Lily Gladstone wa SAG, anatenga Emma Stone wa BAFTA. Sindikufuna kuthamangira kupanga lamulo latsopano, chifukwa mu 2023 zinali zosiyana, BAFTA inapita kwa Cate Blanchett koma Oscar kwa Michelle Yeoh wa SAG. Chomwe ndikuona n'choti mwa atatuwa, aliyense wopambana anali mu filimu yomwe ovota anaikonda yonse, osati wosewera yekhayo. Ndachilemba m'mphepete mwa tsamba kuti ndidzachiyese chaka chamawa.

Yachisanu ndi chimodzi ndi Flow.

Filimuyi anandiikira mu flash mnzanga wa ku Blantyre kumayambiriro kwa Febuluwale. Ndi yamakatuni, yochokera ku Latvia, ya Gints Zilbalodis, ndipo mulibe munthu, mulibe mawu olankhula ngakhale amodzi. Ndinaiika pa laputopu madzulo ena poganiza kuti ndi ya ana. Tsiku limenelo kunyumba kunali alamu anga ochokera ku Makhanga, omwe anabwera kudzagulitsa mbuzi pamsika. Iwo za mafilimu alibe nazo ntchito, anakhala pampando chapatali akumwa thobwa. Mphaka wakuda akuyenda m'nkhalango, kenako nyama zikuthawa zonse mbali imodzi, kumbuyo kwake madzi. Mphakayo akukwera pamalo okwera, madzi akumutsatira, akukweranso, mpaka pafika poti palibenso pokwera, wangotsala pansonga pa chiboliboli madzi akunyambita mapazi. Ndinamva mpando ukukokedwa. Alamu anali atafika pafupi, chikho atachiika pansi. Bwato litatulukira ndipo mphaka atalumphiramo n'kupezamo nyama ina yomwe sakuidziwa, ana anaombera m'manja. Alamu sanaombe. Anaonera mpaka kumapeto osayankhula, kenako anati, "Alamu, amene wajambula izi madzi amawadziwa. Mwaona mmene akukwerera? Sachita phokoso. Ndipo m'bwato simusankha wokwera naye." Iwo anagonapo pamtunda wozunguliridwa ndi madzi mu 2015, kudikira bwato. Mwana wanga wamkazi anawafunsa kuti, "Amalume, inunso munali ndi mphaka?" Anayankha kuti anali ndi nkhuku ziwiri m'dengu, ndipo imodzi inafika.

Usiku umenewo ndinatsegula kope n'kulemba Flow ndi pensulo. M'mawa ndinayang'ana pachikuto, ndinaona lamulo lija, ndinayamba kuwerengera. The Wild Robot inali ndi kampani yaikulu ya DreamWorks kumbuyo kwake, inatenga Critics Choice, inatenga PGA, inatenganso Annie, mphoto ya anthu opanga makatuni. Flow inali ndi Golden Globe, mabingu aja. Inapangidwa ndi kagulu kochepa pa pulogalamu yaulere ya Blender, ndipo dziko la Latvia linali lisanatengepo Oscar. Ndinadziuza kuti ndikuikonda chifukwa ndine wa m'chigwa, chifukwa cha nkhope ya alamu, ndipo munthu wa ku California madzi sangamukhudze motero. Ndinafufuta. Chizindikiro cha labala chikuonekabe patsambalo.

Itatchulidwa Flow usiku uja ndinaimirira m'neti. Ndinasangalala kwenikweni, ndipo nthawi yomweyo ndinamva chisoni, osati chifukwa cha nambala, koma chifukwa ndinakayikira chinthu chomwe ndinachiona ndi maso anga pakhonde langa lomwe. Panalinso chizindikiro cha kumtunda chomwe ndinachinyalanyaza. Flow inatchulidwa kawiri, pa makatuni komanso pa filimu ya mayiko ena, kusonyeza kuti anthu ambiri a Academy anaionera n'kuikonda. Ndi chizindikiro chofanana ndi chomwe ndinachikhulupirira pa I'm Still Here. Kumeneko ndinachiwerenga bwino chifukwa mtima sunalipo. Apa ndinachiopa chifukwa chinkagwirizana ndi zomwe ndinkafuna. Academy ya masiku ano ilinso ndi ovota ambiri okhala kunja kwa America kuposa kale, ndipo filimu yopanda mawu siifuna womasulira kwa aliyense wa iwo.

Pa za Africa, chaka chino ndinadziletsa ndipo ndinalondola, ngakhale sizinandikomere. Dahomey ya Mati Diop, yomwe inatenga Golden Bear, mphoto yaikulu ya chikondwerero cha mafilimu ku Berlin, mu 2024, inafika pamndandanda woyamba wa Oscar wa mu Disembala koma sinalowe mwa asanu omaliza, monga ndinalembera. Ine ndimakumbukira kuti nafenso a ku Malawi tinagogodapo pakhomo limeneli. The Road to Sunrise ya a Shemu Joyah inatumizidwa mu 2018, Fatsani mu 2021, ndipo The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe muli Chichewa chambiri, inatumizidwa ndi dziko la Britain mu 2019. Palibe inafika kwa asanu omaliza. South Africa inatenga ndi Tsotsi mu 2006. M'kope langa muli tsamba lomwe ndimalembamo filimu iliyonse ya ku Africa yomwe yatumizidwa, kaya ili ndi mwayi kaya ilibe.

Mwa mafilimu khumi akuluakulu ndaonera asanu ndi limodzi, chaka chatha ndinaonera anayi. Anora ndinaonera ndekha ndi mahedifoni ana atagona, si yoonera pagulu. The Brutalist, ya maola opitirira atatu, ndinaigawa masiku awiri kuti batire likwane.

Dzulo ndagula kope latsopano. Lamulo lija sindinalikopere pachikuto. M'malo mwake tsamba lililonse ndaligawa patatu: chomwe mabungwe akusonyeza, chomwe ine ndaona nditaonera, ndi chomwe ndalemba pomaliza pamodzi ndi chifukwa chake. Mizere ndajambula 24, chifukwa kuyambira mwambo wa 2026 kukubwera mphoto yatsopano ya osankha osewera, ndipo imeneyo ilibe mbiri yoti munthu atsamirepo. Ndayambanso kusunga kandalama ka bandulo mwezi ndi mwezi kuti mafilimu afupiafupi aja ndidzaonereko ngakhale ochepa. Tsamba loyamba lidikira chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France mu Meyi, komwe Anora inayambira ndi mphoto yaikulu ya Palme d'Or chaka chatha. Alamu ndawaimbira kuwauza kuti mphaka uja wapambana. Anafunsa ngati flash ija ikadalipo, akufuna akawaonetse anzawo ku Makhanga akadzabweranso ndi mbuzi.