Mmene tinatsitsira inshuwalansi ya galimoto ya mphwanga wa zaka 19

Tsiku limene achemwali anaimba foni kuchokera ku Johannesburg kunena kuti atumiza ndalama zogulira mwana wawo galimoto, ndinadziwiratu kuti katunduyo wagwera ine. Ife tinabadwira kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare, koma za kwa agogo ku Dedza sitinazitaye: mwana wa mlongo wako ndi wako, malume ndiwe mwini mbumba. Mnyamatayo ali ndi zaka 19, amaphunzira pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ndipo amagona m'nyumba mwanga. Kuti akafike kusukulu ankakwera makombi awiri, wina wokamutula m'tauni, wina womukweza kumtunda. Mvula ikayamba mu November ankalowa m'kalasi ali chinyowere, mabuku atawakulunga m'jumbo.

Laisensi anaipeza ku VID ya ku Eastlea, komwe boma limayesera ofuna kuyendetsa galimoto, ulendo wachiwiri, chifukwa ulendo woyamba anagwetsa dramu pobwerera m'mbuyo. Yake ndi ya pulasitiki, ija inabwera mu 2023. Yanga ndi yachitsulo, yakalekale, ndipo amandiseka nayo kuti ndi chotsegulira mabotolo. Lamulo la kuno limalola munthu kuyendetsa galimoto yaing'ono kuyambira zaka 16, choncho pamaso pa boma iyeyo ndi dalaivala wokwanira. A inshuwalansi samuona choncho ayi.

Ntchito yotsitsa mtengo inayamba tisanagule n'komwe galimotoyo. Iye mtima unali pa Toyota Mark X. Ndinakana. Tinagula Honda Fit yakale, injini ya malita 1.3, pa madola 4,500 a ku America. Anang'ung'udza njira yonse kuti, "Malume, Fit ndi ya mushikashika, matakisi osaloledwa aja, anzanga akandiseka." Ndinamuuza kuti akamuseka ali pansi, iye ali pa chiwongolero. Nthawi imeneyo ine ndinkangoganiza za mafuta, osadziwa kuti inshuwalansi ya comprehensive, ija yokonzanso galimoto yako yomwe, amaiwerengera pa mtengo wa galimoto, pelesenti yakutiyakuti pachaka. Mark X ikanatibaya kawiri, pa mafuta ndi pa pepala.

Kampani yoyamba yomwe ndinapita, mtsikana wa pa kauntala anali wansangala mpaka pamene anafunsa zaka za woyendetsa. Nditati 19, laisensi ya miyezi iwiri, anabwerera pa kompyuta, kenako n'kundipatsa kotesheni yomwe ndinaiwerenga nditakhala pansi. Sanandifotokozere kanthu, nanenso sindinafunse. Ndinaipinda n'kuiika m'thumba.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi cha CCAP ndinawaonetsa alamu anga pepalalo. Iwo sanachedwe. "Alamu, mukudzivutiranji? Lembani dzina lanu kuti woyendetsa ndinu. Mwanayo adziwa ndani?" Ndisaname, nzeruyo inandikomera. Ndayendetsa zaka zoposa 20 osagundapo ngakhale nkhuku, ndipo pa dzina langa mtengo ukanatsika kwambiri. Ndinagona nayo masiku awiri.

Amene anandichotsa maganizo amenewo ndi mayi wina, buloka wofunira anthu inshuwalansi m'makampani osiyanasiyana, yemwe mnzanga wa kuntchito ananditumizako. Ndisanapite ndinayamba ndaona ngati kampani yawo ili pa mndandanda wa IPEC, bungwe lomwe limayang'anira makampani a inshuwalansi ndi penshoni m'dziko muno. Zimenezi musamazinyozere, chifukwa m'tauni muno muli anyamata ogulitsa mapepala okhala ngati enieni, ndipo umadzazindikira tsiku la ngozi kuti unagula mphepo. Mayiwo nditawafunsa mozungulira za nzeru ya alamu ija, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati ngozi ikachitika, lipoti la apolisi limalemba amene anali pa chiwongolero, kampani imatumiza munthu wake kukafufuza, ndipo sizitenga nthawi kudziwa kuti galimoto imaswera ku Mount Pleasant masiku asanu pa sabata pomwe mwini wake amagwira ntchito ku Workington. Zikatero amati munabisa zoona polembetsa, ndipo ali ndi mphamvu zokana kulipira. Ndalama zonse munkapereka zija zapita, galimoto yaphwanyika, ndiye pali mwini wa galimoto inayo akukudikirani pageti.

Tinalemba zoona: mwini ndine, woyendetsa masiku onse ndi mnyamatayo. Kuchokera pamenepo ndi pomwe kukambirana kunayambira.

Mayiwo anandiyalira mitundu ya inshuwalansi patebulo ngati tomato wa pa Mbare Musika. Yotsikitsitsa ndi ija anthu amangoti RTA, yomwe lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Anthu ambiri kwathu kuno amagula imeneyo kuti apeze disiki ya laisensi ya galimoto ku ZINARA, bungwe loona za misewu, basi. Galimoto yako siikhudza, ndipo ngakhale kwa amene wamugunda imalipira mpaka pa malire ochepa kwambiri. Pamwamba pake pali full third party, yomwe malire ake ndi okwererapo ndipo ukhoza kuwakweza wekha. Kenako pali ina yomwe imawonjezera moto ndi kubedwa kwa galimoto yako. Yomaliza ndi comprehensive, yomwe imakonzanso galimoto yako ngakhale wolakwa uli iweyo.

Ine ndinafuna ya moto ndi kuba ija, poti inali yopepuka m'thumba. Achemwali anakana pa foni. "Achimwene, ndalama imeneyo ndaisonkhanitsa zaka zitatu. Mwana akaipinda pamtengo mwezi wamawa ndidzayambirenso?" Ndinalibe poyankha. Komanso mayi aja anandifunsa funso lomwe linandikhala: mnyamatayu akupita ku Mount Pleasant, akudutsa pakati pa ma Land Cruiser ndi ma Benz a ku Borrowdale, akaswa nyali imodzi yokha ya galimoto zimenezo, RTA ikwanira? Yotsalayo adzaifuna kwa ndani? Choncho tinakhala pa comprehensive, malire a third party tinawakwezanso pang'ono, n'kuyamba kusaka potsitsira pena.

Poyamba panali pa mtengo wa galimoto. Pa kotesheni yoyamba ija ndinali nditanena madola 5,500, poganiza kuti ikadzabedwa ndidzapindulepo. Umbuli. Kampani imalipira mtengo womwe galimoto ingagulidwe nawo pamsika tsiku la ngoziyo, osati womwe unalota. Ndinkafuna kulipira pelesenti pa madola 1,000 omwe kulibe. Koma nditamva zimenezo n'kufunsa ngati tingatsitse mpaka 3,000, mayiwo anapukusa mutu. Galimoto ya 4,500 ukailembetsa pa 3,000, waiteteza magawo awiri mwa atatu, ndipo pokonza kampani ikhoza kulipira magawo awiri mwa atatu omwewo. Tinalemba 4,500. Tinasankhanso kulipira m'madola a ku America kuti tsiku la tsoka adzatilipirenso m'madola. Amene tinaona ZiG, ndalama ya dziko lino, ikugwetsedwa mphamvu mu September 2024, patangopita miyezi yochepa chiibweretsereni mu April, sitifunika kuuzidwa kawiri.

Titatero mayiwo anatumiza nkhani yathu ku makampani anayi. Mayankho anabwera m'masiku atatu, ndipo anasiyana kuposa mmene ndinkaganizira. Kusiyana kwa pelesenti imodzi kumaoneka ngati kanthu kochepa, koma pa 4,500 ndi madola 45, mafuta a mnyamatayo a masabata angapo. Maso anga anathamangira pa yotsika mtengo kuposa zonse. Mayiwo anatsegula tsamba lachiwiri n'kuika chala pa timalemba tating'ono.

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, ndipo ndi pomwe mtsikana wa pa kauntala uja sanandionetse. Ekisesi ndi gawo lomwe iwe mwini umalipira pa ngozi iliyonse kampani isanatulutse kalikonse. Pa mapepala onse anayi panali ekisesi ya aliyense, ndiye pansi pake ina ya dalaivala wosakwana zaka 25, kwinaku inanso ya amene laisensi yake siinathe zaka ziwiri. Mphwangayo anali m'magulu onsewo. Ndinkayesa kuti amatengapo imodzi, yokulirapo. Ayi, pa pepala lotsika mtengo lija ankaziphatikiza zonse zitatu. Titawerengera ndi cholembera kuseri kwa envulopu, tinapeza kuti akapinda chitseko ndi bampala, pafupifupi ndalama yonse yokonzera ituluka m'thumba mwanga, kampani n'kungowonjezera ya utoto. Kampani ina, yomwe pachaka inali yokwererapo pang'ono, inkatenga imodzi yokha pa ziwiri za achinyamata zija. Tinatenga imeneyo. Munthu akandifunsa lero kuti inshuwalansi yotchipa ya mwana ndi iti, ndimamuuza kuti abwere ndi tsamba lachiwiri.

Mayiwo anatiuzanso kuti ndikavomera ekisesi yokulirapo mwa kufuna kwanga, ya pachaka itsika. Ndinakana. Kwa ine ndekha ndikanavomera, poti ndikudzidziwa pamsewu. Koma mwana wa miyezi iwiri pa chiwongolero, m'misewu ya maenje, maloboti atazima, makombi akudumphira paliponse, kumeneko n'kutchova juga. M'malo mwake ndinalowa chipereganyu cha kuntchito, ndipo ndalama ya ulendo wanga ndinaiika padera kuti ikhale ya ekisesi. Mayi a kunyumba akudziwa kuti imeneyo si ya ndiwo.

Chomwe chinatithandiza kwenikweni ndi setifiketi ya defensive driving, maphunziro oyendetsa mopewa ngozi, ya ku Traffic Safety Council of Zimbabwe. Musayese kuti mukangokhala nayo mtengo utsika wokha. Makampani awiri sanaiyang'ane n'komwe. Yomwe tinasankhayo inati tikabwera nayo aganizirapo, ndipo mayiwo anawakakamiza kuti alembe zimenezo, osangonena pakamwa. Mnyamatayo anapita monyinyirika, akuti maphunziro amenewo ndi a madalaivala a mabasi. Atabwerako anayamba kundidzudzula kuti ndimayandikira kwambiri galimoto ya kutsogolo, ine amene ndinamuphunzitsa kusintha magiya.

Mayi aja anafunsanso komwe galimoto imagona. Kwathu ambiri amasiya galimoto pa bwalo la alonda pafupi ndi mashopu, kulipira usiku uliwonse. Ine ndili ndi mpanda wa durawall ndi geti lokhoma, koma malo ndi a galimoto imodzi. Yanga, yomwe ili pa third party chabe ndipo wakuba angaibweze yekha, ndi imene inasamukira kwa alonda. Fit inalowa m'kati, ndinajambula zithunzi n'kutumiza pa WhatsApp. Za tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, tinaziwerengera n'kuzisiya: kuiika ndi kulipira mwezi ndi mwezi kunkaposa zomwe akanatichotsera. Pa galimoto ya madola 20,000 nkhani ikanakhala ina.

Panali funso limodzi lomwe anafunsa mnyamatayo mwini, maso ndi maso. "Mwanawe, udzanyamulako anthu olipira?" Fit m'Harare muno aliyense amadziwa ntchito yake ina, ndipo ophunzira ambiri amathamanga inDrive, takisi yoitanitsa pa foni, madzulo kuti apeze ya mafuta. Pepala lathu ndi la maulendo a pakhomo ndi a kusukulu. Akanyamula munthu wolipira n'kuchita ngozi, kampani isamba m'manja. Anayankha kuti, "Ayi, mayi," koma ndinaona kuti maganizowo anali nawo. Tinagwirizananso kuti oyendetsa olembedwa ndi awiri okha, iye ndi ine, zomwe zinatsitsanso pang'ono poyerekeza ndi pepala lolola aliyense wa laisensi. Mnzake akapempha makiyi, aziti malume ndi ovuta. Dzina loipa limenelo ndalivomera.

Polipira tinapereka ya chaka chonse kamodzi, achemwali atawonjezera, chifukwa yodula m'zigawo ikaphatikizidwa inkakwera. Kumbukiraninso kuti mu 2025 kunabwera lamulo lofuna laisensi ya wailesi ya boma ya ZBC musanagule inshuwalansi ndi disiki ya ZINARA, choncho muiike mu bajeti. Ife tinaiwala, ndipo tinabwerako tsiku lina.

Patatha miyezi isanu, foni inalira cha m'ma 6 koloko madzulo. Mawu ake anali onjenjemera. "Malume, musakwiye." Anali pafupi ndi siteji ya makombi ya Copacabana, kombi itamukhula chitseko cha kumbuyo n'kuthawa. Ndinamufunsa ngati wavulala, anati ayi. Ndinamuuza ajambule zithunzi, akanene kupolisi tsiku lomwelo, abwere kunyumba. M'mawa ndinawaimbira mayi aja kuwadziwitsa, chifukwa pepala limati ngozi iliyonse inenedwe ngakhale sukufuna kulipiridwa. Tinapita ku Gazaland ku Highfield, wowongola magalimoto anagogoda chitsekocho ndi chala n'kutchula mtengo wosafika ngakhale theka la ekisesi yathu. Kleimu sitinapange, kuti chaka chamawa tidzapemphe kuchotseredwa kwa amene sanavutitse kampani. Ndinatapa pa ndalama ya chipereganyu ija.

Utoto sunafanane bwinobwino. Dzuwa likawomba cham'mbali chitsekocho chimaoneka chotuwirapo, ndipo Loweruka lililonse akamatsuka galimoto amaima pamenepo nthawi yaitali ndi kansalu m'manja. Achemwali sitinawauzebe. Akubwera pa Khirisimasi.