Bokosi lomwe ndinasiya losalemba

Temu ino taphunzira kasungidwe ka zinthu zamakolo pa kompyuta, ndipo ndinayamba phunziroli ndili ndi chimwemwe chopitirira. Mwana wa ku Chipata wofuna kuona Livingstone Museum, yomwe inayamba mu 1934, ayenera kuyenda makilomita oposa 1,000. Ndalama ya basi aitenga kuti? Ndiye ndinkati zonse zijambulidwe, ziikidwe pa intaneti, nkhani yatha.

Chigaza cha munthu wakalekale cha ku Kabwe ndicho chinayamba kundidodometsa. Chinafukulidwa mu mgodi wa Broken Hill (dzina lakale la Kabwe) mu 1921, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London, ngakhale boma lathu la Zambia lakhala likuchipempha. Akatswiri anachijambula ndi makina oona mpaka m'kati mwa fupa, zabwino ndithu. Koma ife eni ake kupatsidwa chithunzi chokha kuli ngati kudyera nsima fungo la ndiwo za kwa aneba. Pamenepa ndimayamikira a Women's History Museum of Zambia, omwe zithunzi za zinthu zathu zosungidwa ku Sweden amazibweza kwa anthu kuti eni ake anene dzina ndi ntchito ya chilichonse.

Phunziro lenileni ndinalipeza ku Katete. Tinapatsidwa ntchito yojambula chinthu chimodzi cha chikhalidwe ndi kudzaza fomu yake: dzina, malo, chaka, wopanga. Ine ndinasankha Gule Wamkulu, poti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Zambia, Malawi ndi Mozambique, komanso ndinali ndi kanema amene ndinajambula ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti. Mafoni tsiku limenelo anali mbwee, wina aliyense dzanja m'mwamba, Gawa Undi akulowa m'bwalo.

Nditafika pa bokosi la "wopanga", ndinafunsa amalume. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, wopanga chiyani? Chirombo chimatuluka kumanda. Uzilemba zimenezo."

"Nanga amene wavala, amalume?"

"Wavala ndani? Za pabwalo jambula, ndi za aliyense. Za kudambwe foni yako isakafikeko."

Fomu ija inakonzedwa ndi anthu oganiza kuti chinthu chilichonse chili ndi mmisiri wake wotchulika, ndiponso kuti kusunga n'kuonetsa. Kwa Achewa zina zimasungika chifukwa chosanenedwa. Kanema akangolowa pa Facebook kapena TikTok, sasankha wometa ndi wosameta, amafika kwa onse, ndipo mfumu ya mzinda ilibe pomuletsera. Ndawerenga kuti malo ena osungira zakale amaika malire a yemwe angaone chithunzi chakutichakuti, mogwirizana ndi eni mwambo. Kuno kwathu chilolezo chotere chiyenera kuchokera kwa mafumu.

Ntchito ndinapereka Lachisanu. Bokosi la wopanga ndinalisiya loyera, m'munsi mwake n'kulemba kuti: funsani kwa eni mzinda. Aphunzitsi sanabwezebe mapepala.