Lachinayi: ma invoisi okanirira

Mawu a bwana wa zachuma a m'mawa uja sakundichoka m'mutu. Akuti popeza ntchito yolipira ogulitsa katundu tikuipereka kwa kampani ina, komanso kompyuta izidziwerengera yokha ma invoisi, ofesi ya malipiro ipuma. Ndinawayankha kuti, "Bwana, zomwe zipite ndi zopepuka zokha."

Kompyuta imafananitsa mapepala atatu: oda yomwe tinatumiza, GRN yosonyeza katundu amene wafikadi, ndi invoisi. Zikagwirizana, invoisi imadutsa popanda munthu kuigwira. Koma oda ikalembedwa makatoni 10, katoni iliyonse ya zidutswa 12, wogulitsa n'kulemba zidutswa 120, sisitimu imaona 10 ndi 120 basi, n'kuimitsa. Mtengo wa pa invoisi ukasiyana ndi wa pa oda kuposa malire omwe tinaika, tinene 2 peresenti, imaimitsanso. Chomwe chimaimitsa ambiri ndi GRN yosalowetsedwa. Katundu anafika, akugwira kale ntchito, koma wolandira katundu sanalembe. Munthu wa kampani ija ali kutali, sangakawerenge makatoni. Angotumiza imelo n'kudikira.

Apa ndi pomwe mtima unandiwawa. Anthu a kampaniyo akawapima ndi kuchuluka kwa ma invoisi omwe alowetsa pa tsiku, athamangira osavuta, okanirira aja n'kumaunjikana. Kuchotsera kwa 2 peresenti kwa wolipira pasanathe masiku 10 kumatayikira pomwepo, masiku 30 omwe tinapatsidwa kuti tilipire n'kukwana, wogulitsa n'kuyamba kuimba foni. Amaimbira ife, osati iwo.

Masana, kapena chakumadzulo, tinabwereranso pa nkhani ya kulipira kawiri. OCR, pulogalamu yowerenga zolembedwa pa invoisi, imatha kuwerenga chilembo O m'malo mwa 0. Invoisi imodzi ikalowa ngati INV-0045, kenako ngati 45, sisitimu yoyang'ana nambala yokha imaziona ngati ziwiri. Iyenera kufananitsanso wogulitsa, tsiku ndi ndalama. Ndipo wogulitsa mmodzi akalembedwa kawiri m'kaundula wa ogulitsa, ngakhale zimenezo sizigwira. Kaundulayo ayeretsedwe ntchito isanasamuke.

Chomwe sindingalole kuti chituluke m'manja mwathu ndi kusintha akaunti ya kubanki ya wogulitsa. Akuba amatumiza imelo yooneka ngati yeniyeni, yakuti tasintha banki. Woilandira aimbe pa nambala yomwe ili kale m'faelo, osati yolembedwa mu imeloyo. Wosintha akaunti asakhale yemweyo wovomereza malipiro. Kompyuta imalipira mwachangu ku akaunti iliyonse yomwe yapatsidwa, ndipo ndalama zikatuluka, kuzibweza n'kovuta kwambiri.

Ntchito yotaipa manambala tsiku lonse ipite ndithu, imatopetsa maso ndipo zolakwika zambiri zimabadwira m'menemo. Koma usiku uno ndawerenganso pepala la mgwirizano, ndipo silikunena kuti invoisi yokanirira ikhale masiku angati isanabwezedwe kwa ife, kapena kuti wokakumbutsa olandira katundu za GRN ndi ndani.