Ku Likhubula ndi amalume pa njinga yawo

Amalume anga ndi a ku Phalombe, ndipo ali mnyamata ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje. Chidwalireni sitiroko, amayendera njinga ya anthu aulumali. Mu Ogasiti atandipempha kuti ndiwatengere ku Likhubula akaonenso mtsinje, sindikanatha kukana.

Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa, kudzera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kudutsa pa Luchenza mpaka pa Chitakale, pomwe tinagula zinanazi n'kukhotera msewu wa ku Phalombe. Titasiya tala, galimoto inakwera bwinobwino msewu wafumbi mpaka pomwe magalimoto amathera. Vuto linayambira pamenepo.

Njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba ndi yokwera, ya pafupifupi ola limodzi kwa munthu wa miyendo yake. Ife sitinkafuna n'komwe kukafika ku mathithiwo, tinkangofuna maiwe a m'munsi. Koma madzi a mvula akhala akutsata njira yomweyo n'kukumba tizigwembe pakati pake. Timatayala takutsogolo tinkangotitimira m'menemo. Kutuluka apo, mizu ya mitengo. Kutsogolo pang'ono, miyala yoyenda yokha ukaiponda.

Anyamata awiri otsogolera alendo anabwera mwaulemu. "Madala, tikunyamuleni," anatero mmodzi. Anawanyamuladi ndi njinga yomwe, thukuta lili kamukamu. Titayenda pang'ono amalume anati, "Nditsitseni ana anga, mwayesetsa. Ine ndinkasenza katundu phiri lomweli, lero ndisanduke thumba la chimanga?" Kenako anandicheukira: "Mphwanga, ndimafuna kudziyendetsa ndekha, ngakhale pang'ono pokha." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mapewa.

Sindikunena kuti akonkire simenti mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002 m'mwambamo. Phiri likhale phiri. Ndikunena za kachigawo koyambirira kokha, kuchokera poimika magalimoto kukafika poti munthu n'kuona madzi. Pamenepo pakufunika ngalande m'mbali kuti madzi asamayende m'njira, timilatho ting'onoting'ono podutsa timitsinje, dothi losakaniza ndi miyala yoswa lotsendera bwino, ndi njira yotambalala ngati mita imodzi ndi theka kuti njinga ipatukane ndi woyenda pansi. Pokwera pasakhale potsetsereka kwambiri: amisiri amati pa mamita 12 alionse njira ikwere mita imodzi yokha, ndiye ndi bwino iziyenda mokhotakhota. Pakhalenso mabenchi opumirapo ndi chimbudzi cha khomo lalikulu. Ngalandezo ndiye mutu wa nkhani. Aliyense amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi otsika phiri ili sasewera, ndipo njira yopanda ngalande siingapirire dzinja limodzi.

Komanso njirayi si ya alendo okha. Tili pomwepo panadutsa amayi atasenza nkhuni, agogo ena akutsimphina ndi ndodo, ndi ana asukulu obwera kudzaona malo. Onsewa amapunthwa pa miyala yomweyo.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024. Alendo achuluka ndithu. Pokonza njirayi, afunsidwe anthu oyendera njinga eniake, monga a ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndipo ntchitoyo aigwire anthu a midzi yozungulira Likhubula, omwe amadziwa kumene madzi amadzera.

Ife tinathera pa thanthwe lina pomwe mtsinje unkaonekera chapatali. Ngati mukupita ndi munthu wa pa njinga, pitani chilimwe, pakati pa Meyi ndi Okutobala, mugwirizane mtengo ndi anyamata otsogolera musanayambe, ndipo mumufunse mwiniwakeyo ngati akufuna kunyamulidwa.