Mwana wa gulu O wobadwa kwa makolo a A ndi B

Dzulo madzulo ndinaitanidwa ku mlandu wa banja kuno ku Chinamwali, kumene mwamuna wina amakana khanda lake chifukwa kuchipatala anauzidwa kuti mwanayo ali ndi magazi a gulu O, chonsecho iyeyo ndi wa gulu A ndipo mkazi wake ndi wa gulu B. Ankhoswe anali atakhala kale pamkeka, mayi wa mwana atazolika, misozi ikudonthera pachitenje.

Ndinapempha pepala ndi cholembera, pakuti nkhaniyi inali yosafunika ankhoswe n'komwe. Munthu aliyense amalandira majini (tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo) awiri a gulu la magazi, ina kuchokera kwa bambo ndi ina kwa mayi, ndipo jini ya O imabisala ikakumana ndi ya A kapena ya B, moti munthu wa gulu A akhoza kukhala nayo moyo wake wonse osadziwa. Ngati makolo onse awiri akuisunga mobisika chotero, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wa O, ndipo banja lomwelo likhoza kubereka ana a magulu onse anayi, A, B, AB ndi O.

Magulu amenewa anayamba kudziwika mu 1901 ndi kafukufuku wa Karl Landsteiner ku Vienna, koma zimandimvetsa chisoni kuti mpaka lero akugwedezabe mabanja. Kuyeza gulu la magazi sikungatsimikizire kuti uyu ndiye bambo wa mwana. Zimenezo zimafuna kuyeza DNA.

Mwamuna uja sanayankhe kanthu, anangopinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya.