Wifi yafika kuseri tsopano

Abale anga kuno ku Chelstone, lero mtima wanga uli m'malo. Wifi yafika mpaka ku kanyumba ka kuseri komwe amagona ana asukulu. Miyezi yonseyi amalemba homuweki pakhonde usiku, udzudzu ukuwadya, chifukwa rauta ili pabalaza ndipo makoma athu a mabuloko a simenti amatchinga siginolo.

Poyamba ndinagula repeater, kachipangizo kolandira siginolo ya wifi n'kuipititsa patsogolo. Inathandiza pang'ono chabe. Kachipangizo kotchipa kameneka kamalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzi, motero liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, vidiyo n'kumangoimaima.

Chomwe chagwira ntchito ndi waya. Ndinagula chingwe cha netiweki cha mtundu wa Cat6 ku Kamwala, ndinachilowetsa mu paipi n'kuchikwirira mpaka kuseri. Chingwe chotere chimapirira mpaka mamita 100, ife tinangofuna 30. Rauta yakale yomwe inkangodya fumbi m'kabati ndinaisandutsa access point, yongofalitsa intaneti yochokera ku rauta yaikulu: ndinazimitsa DHCP yake (mbali yomwe imagawa maadiresi kwa mafoni), ndinaipatsa IP (adiresi yake pa netiweki) yosiyana ndi ya rauta yaikulu, kenako chingwe ndinachilowetsa pa bowo lolembedwa LAN, osati lolembedwa WAN. Chonde musaiwale DHCP imeneyo. Marauta awiri akamagawa maadiresi limodzi, mafoni amasokonezeka, intaneti n'kumaduka popanda chifukwa chooneka.

Dzina la netiweki ndi pasiwedi ndinaika zofanana, ndiye ukamachoka pabalaza kupita kuseri foni imasamuka yokha. Pa siginolo ya 2.4 GHz rauta imodzi ili pa tchanelo 1, inayo pa 11, kuti zisalimbane.

Chatsala ndi magetsi akathima. Rauta yakuseriyo ilibe batire, ndiye ndayamba kusunga ndalama ya ka UPS kachiwiri, kabatire kosunga magetsi, mayeso asanayambe.