Lachiwiri: ndakoka loko kamodzi kokha

Ndadzuka 5 koloko mtima uli kale m'mwamba. Lero linali tsiku la ntchito imene amayi a uphungu anandipatsa sabata yatha: kuzimitsa mbaula, kukhoma chitseko, kukoka loko kamodzi, basi n'kumapita osacheuka. Kwa anthu ena zimenezi n'zoseketsa. Koma ine ndimagwedeza loko mpaka ka 12, ndipo pena ndimatsika minibasi pa Ginnery Corner n'kubwerera ku Chilomoni kukaona ngati makala azimadi.

Ndathira madzi pamakala mpaka amveka tsss, ndakhoma, ndakoka kamodzi. M'kakope kanga ndalemba kuti nkhawa ili pa 6 mwa 10. Pofika pasiteji inali pa 8. Mutu unali kundiuza kuti kakhala kamodzi katsala pansi pa phulusa, kagwira mphasa, nyumba ya eni yapsa, ndipo ana a aneba ali momwemo. Dzanja lafika pafoni lokha, ndikufuna kuimbira amayi a kuseri kuti, "Amayi, tandisuzumirireniko pakhomo panga." Ndakumbuka zimene anandichenjeza amayi a uphungu aja, kuti kufunsa ena ndi kugwedeza loko komweko, kwangovala chitenje china. Foni ndaibweza m'chikwama, manja akunjenjemera.

Chithandizochi amachitchula ERP, kutanthauza kukumana dala ndi chimene umaopa n'kukana kuchita zimene mantha akukutuma. Anandifotokozera kuti anachiyamba ndi katswiri wina ku London, Victor Meyer, mu 1966. Mfundo yake njakuti ukabwerera kukaona loko mtima umatsika pang'ono, ndiye ubongo umaphunzira kuti kubwererako ndiko kwakupulumutsa, mawa n'kudzakutumanso kawiri. Ukakana kubwerera, nkhawa imakwera, imakhala pamwamba kanthawi, kenako imatsika yokha. Pondiuza zimenezi ndinkangogwedeza mutu mwaulemu, mumtima ndikuti mayi awa sakundidziwa.

Pa Chichiri zinthu zafika poipa. Mtima wayamba kugunda ngati ng'oma, zala zachita dzanzi, mpweya ukuchepa, ndipo kondakitala watipanikiza anayi pampando wa anthu atatu. Kale ndikanakuwa kuti ndikomoka. Kawiri konse chaka chatha anandithamangitsira kuchipatala tikuti ndi BP, anandiyeza mtima n'kupeza kuti uli bwinobwino. N'chifukwa chake amayi a uphungu amandipumitsa kudzera m'kapaipi komwera Fanta, pena amandithamangitsa pamasitepe, kuti thupi lizolowere kugunda kwa mtima popanda kuganiza za maliro. Tsiku loyamba ndinaona ngati akundiseweretsa. Lero ndangokhala, ndikuyang'ana dengu la tomato la agogo amene anali pafupi nane, ndikuwerenga tomato amene ali pamwamba. Amayi a uphungu anati mantha oterewa amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10. Sindinayang'ane wotchi, koma potsika ku Limbe ndalemba kuti nkhawa ili pa 5.

Kuntchito ndinaiwalako mpaka nthawi ya nkhomaliro. Zimenezi zandidabwitsa kuposa china chilichonse lero.

Masana azakhali aimba kufunsa ngati ndikupitabe "kwa dokotala wa misala uja". Iwo amati zimenezi n'zofunika kusala kudya ndi kupemphereredwa basi. Ndawayankha kuti, "Azakhali, kupemphera ndikupemphera, mankhwalanso ndikumwa." Fluoxetine ndayamba masabata asanu apitawa, ndipo anandiuziratu kuti sagwira ntchito tsiku limodzi ngati panado. Azakhali angoti, "Chabwino mwanawe," mawu ake osakhutira.

Ndafika kunyumba 6 koloko madzulo. Loko ali pomwepo, makala ozizira. Ndinafuna kusangalala kwambiri, koma anandiuza kuti ndisamatenge zimenezi ngati umboni woti tsopano ndine wotetezeka, chifukwa cholinga n'chakuti ndizitha kupita ndisanatsimikize.

Usiku uno ndagonja pang'ono. Ndisanagone ndadzuka kukagwira chitseko kawiri. Ndalemba zimenezonso m'kakope, osabisa, chifukwa Lachisanu adzawerenga. Mawa ndi tsiku la ayironi: kusita bulawuzi, kuzula pulagi kamodzi, n'kutuluka.